Mpeni Wachiwiri wa a Mphinga

A Mphinga tawaika Lachinayi lapitali kumanda a mishoni, mwera ukuwomba moti nyimbo zimabwerera kumaso kwa oyimba. Anthu sanachuluke. Abale awo a ku Ntchisi anafika mwambo utatha chifukwa lole imene anakwera inafera panjira, ndiye bokosi linanyamulidwa ndi aphunzitsi ndi asodzi a pa Lungwena, ena ali ndi tizisoti tawo tachisilamu kumutu. Abusa polalikira anati malemu anali munthu wofatsa. Ine pang'onong'ono ndiseke pamaliro. Wofatsa? Bambo aja?

Ndinakhala nawo zaka zambiri m'nyumba za aphunzitsi, khoma limodzi, ine ndikuphunzitsa masamu, iwo sayansi. Anali munthu wamtali, wakhosi lowonda, wovala tayi ngakhale mu Okutobala pamene ife tonse timafuna kuvula ndi khungu lomwe. Mawu amene ankadana nawo koposa anali akuti “pafupifupi”. Mwana akayankha kuti pafupifupi, ankamutulutsa kuti akaime pansi pa mtengo wa mango mpaka belu lilire. Ankati chinthu umachidziwa kapena suchidziwa, ndipo kunena kuti sudziwa si manyazi. Anakangana ndi ahedi pa za sipiliti wa mu labotale, anakangana ndi abusa pa za maola a jenereta, ndipo ine ndiye tinkakangana sabata ndi sabata, chifukwa nkhuku zanga zinkakonda khonde lawo, ndipo ntchentche za mabotolo awo zinkakonda khitchini yanga.

Kudoko ankawatcha Che Matumbo. Loweruka lililonse m'mawa ankapalasa njinga kupita kumene amayi amatumbula chambo choti awambe, n'kunyonyomala pambali pawo, tayi ataiponya paphewa. M'matumbo a nsomba ankafunamo kanthu kamodzi, koyera, konga njere ya mapira, kamene kamakhala pafupi ndi ndulu. Ankakazula ndi kachitsulo n'kukaponya m'botolo la sipiliti.

“Che Matumbo, lero mwachedwa, agalu akuphangirani!” amayi aja ankawaseka.

“Agalu alibe satifiketi, mayi. Tumbulani bwino, musaphulitse ndulu.”

Wina akaphulitsa ndulu, ankakalipa ngati waswa tambula ya eni. Koma sabata yotsatira amayi omwewo ankawasungira matumbo pa tsamba la nthochi, pamthunzi, kuti asabwerere chimanjamanja.

Ena ankati ndi zizimba za bizinesi, ena ankati ndi misala ya sukulu. Tsiku lina wapampando wa chipani wa m'dera lathu anabwera kusukulu ndi anyamata awiri, akuti wamva zoti pali mphunzitsi amene akutumiza zinthu za m'nyanja ya boma kunja. Ife tonse mitima inali m'mwamba. A Mphinga anawakhazika pa madesiki a ana n'kuyamba kuwaphunzitsa, choko chili m'manja, kuyambira pachiyambi penipeni. Wapampando akati adzuke, iwo ankati dikirani, apa ndiye pofunika. Dzuwa litapendeka alendo aja anatuluka akuyasamula, ndipo sanabwerenso.

Zoona zake za matumbo aja ine ndinazimva mochedwa. A Mphinga anaphunzira kunja, ndipo atabwerako anagwira ntchito mu labotale yaikulu mumzinda. Kenako anangouzidwa kuti asamukire kuno kudzaphunzitsa. Chifukwa chake sanatiuze, ndipo zinali zaka zoti munthu sufunsa. Ukafunsa lero, mawa akufunsa iwe. Anafika pa lole ndi akazi awo, mayi Esnati, ndi bokosi la magalasi a mu labotale atawakulunga m'zitenje za mayiwo. Mayi Esnati anali ndi matenda a shuga, ankadzibaya jakisoni wa insulini. Dzinja lawo lachiwiri kuno mlatho wa panjira ya ku boma unakokoloka, mankhwala anatha, ndipo pamene munthu amene anazungulira pa bwato ankafika nawo, ife tinali titayamba kale nyimbo za maliro. Mwana analibe. A Mphinga sanalire pagulu, koma khoma lathu linali lopyapyala.

Patapita miyezi ndi pamene anayamba zopita kudoko. Tsiku lina fungo litandikwana ndinawafunsa mwaukali pa mpanda kuti kodi nyansi zimenezi n'zachiyani.

“A Nachisale,” anatero, “insulini anatha uja amamutenga m'kapamba wa ziweto, kutali kutsidya kwa nyanja zamchere. Chambo nachonso chili ndi insulini, m'kanjere aka. Tsiku ndi tsiku tikuponyera agalu. Esnati anafera pafupi ndi mulu wa mankhwala ake.”

“Ndiye bwanji osangowabaya anthu?”

Anandiyang'ana ngati mwana wa Folomu 1. Anati munthu sungamubaye chinthu chimene sunachiwerenge. Insulini ndi tizingwe tiwiri tolumikizana, ndipo chingwe chilichonse n'chotungidwa ndi tinthu totchedwa maamino asidi, a mitundu makumi awiri. Chimene chimapangitsa kuti agwire ntchito m'thupi ndi ndondomeko yake: uyu ayambe, atsate uyu, kenako uyu. Wa munthu akatswiri anamuwerenga kale. Wa chambo cha m'nyanja muno, mmene iwo ankadziwira, panalibe amene anamuwerenga. Ndiye ntchito imene anadzipatsa inali yowerenga chingwe chachitalicho kuchokera kumutu mpaka kumchira, kuti aone ngati chikufanana ndi chathu. Zina zonse anati zidzabwera pambuyo, mwina ndi anthu ena.

Kuti ana amve, anakagula mikanda pamsika. Ha! Bambo wamasiye kugula mikanda! Nkhani inafika kutchalitchi iwo asanafike kunyumba, ndipo amayi a kumpingo anayamba kundiyang'ana ine cham'mbali. Eni akewo sanamve n'komwe. Anatunga zingwe ziwiri zofanana ndendende, mitundu yosakanikirana. Choyamba anachidula pambuyo pa mkanda wofiira uliwonse, n'kumanga mfundo, n'kumwaza tizidutswa patebulo.

“Bwezeretsani,” anandiuza, ana akuonerera.

Kachidutswa kalikonse ndinkatha kukawerenga bwinobwino, koma koti kayambe ndi koti katsate ndinalibe podziwira. Kenako anadula chingwe chachiwiri pambuyo pa mkanda wakuda uliwonse. M'tizidutswa tatsopanoti, malo aja amene poyamba anadulidwa anali olumikizana. Ndikasanjika izi pamwamba pa izo, mchira wa ichi umapezeka pakati pa icho, mpaka chingwe chonse chinabwerera mwakale. Ine wa masamu zinandikomera, ndisaname.

Anati mu labotale ndi chimodzimodzi, kungoti mipeni yake ndi maenzaimu, ochokera m'kapamba momwemo. Wina, kimotiripusini, amadula pambuyo pa maamino asidi akuluakulu monga tayirosini. Wina, tiripusini, amadula pokhapokha pambuyo pa layisini ndi ajinini. Tizidutswa tikafupika, pali mankhwala amene amabudula amino asidi mmodzi kumutu; umamuyendetsa pa pepala lapadera, n'kumuzindikira ndi malo amene wakaima, kenako n'kubudulanso wina. Kubudula kumeneku ndi manja kumayenda pang'ono chabe zisanayambe kusokonekera, n'chifukwa chake chingwe chimayamba chadulidwa. Unaliponso mpeni wina wa mankhwala, koma ndi poizoni woti mpweya wake ungaphe munthu, ndiye anati sangaulowetse pamalo pamene pamagona ana a eni. Choncho anali ndi mipeni iwiri basi. Ankakonda kunena kuti mpeni umodzi umakuuza amene alipo, koma amene ayandikana umamva kwa wachiwiri.

Njere za zaka zonse zija, atazisungunula, kusefa, kuumitsa, kusefanso, kulekanitsa zingwe, zinatulutsa ufa woti sungadzaze ndi chikhadabo chomwe. Anaugawa pawiri, theka la mpeni uwu, theka la mpeni uwo. Ufa wotsala panalibe.

Zinthu zimenezi zimafuna pozizira, ndipo pasukulu panalibe firiji. Firiji inali kwa Che Amidu, mwini golosale ya pamphambano. Inali ya palafini, ndipo inkasunga zakumwa, majarini, ndi nyama ya mbuzi imene anthu a kumzikiti ankasungitsa. Che Amidu anali wamfupi, wamimba, woseka ndi thupi lonse. Sukulu yathuyi sanaiponde. Anaphunzira madirasa ku Makanjira ali mwana. Sindidziwa kuti anthu awiriwa anapezana bwanji. Koma Loweruka lililonse a Mphinga akachoka kudoko ankakhala pa benchi la pagolosalepo, kumwa tiyi wa mkaka, n'kumatsutsana za chilichonse, kuyambira kumene mvula imachokera mpaka ngati ng'ona imatafuna kapena imangomeza. Che Amidu ankawatcha Mwalimu. Ayufi akabwera kudzafunsa makadi a chipani, onse awiri ankatulutsa n'kukhala chete mpaka fumbi lawo litatha, kenako mkangano n'kupitirira pamene unalekera.

Mpeni woyamba unafika m'phukusi lochokera kwa mnzawo wa kunja amene anaphunzira naye, lotsegulidwa kale ndi kumatidwanso monga amafikira maphukusi onse. Unali wa kapamba wa ng'ombe. Che Amidu anafunsa kuti ng'ombeyo anaizinga ndani, onse n'kuseka, kabotolo n'kulowa m'firiji. Kuyambira pamenepo tchuthi zonse a Mphinga ankathera mu labotale. Madzi ofunda ankawasunga ndi ketulo ndi choyezera kutentha, kuthira pang'ono, kuyeza, kuthiranso, chifukwa makina ake tinalibe. Mapepala awo ankawapachika pa chingwe ngati zovala, ndipo mankhwala obudulira aja ankanunkha moti ndinayamba kulakalaka matumbo a nsomba. Anawerenga kachidutswa koyamba, kenako kena, mpaka tonse ta mpeni woyamba tinatha. Tsiku limene anamaliza anagulira nkhuku zanga madeya. Ndinadziwa kuti bambo akondwa.

Mpeni wachiwiri unafika mu Okutobala. Koma mapepala apadera aja ndi mankhwala obudulira zinali zitatha, ndipo phukusi lake linali m'njira, kapena patebulo la wina amene ankalinunkhiza kuti mwina muli ndale. Tiripusini anayenera kudikira, ndipo anayenera kudikira pozizira. Titaweruka anandiitana pa mpanda n'kundionetsa kabotolo, chala chili pa timalemba tachizungu. Anali wa kapamba wa nkhumba.

“Ndiye?” ndinatero. “Che Amidu amawerenga chizungu?”

“Sawerenga.”

“Basitu. Matulani kapepalako, mukaike. Kabotolo n'kotseka ndi phula, palibe akadye. Munthu wosadziwa alibe tchimo, Asilamu eni ake amatero.”

“Iwo sadziwa, koma ine ndidziwa. M'firijimo muli nyama ya anthu.”

Ndinawauza kuti ndi ouma mutu, kuti zaka zonsezi azitayira kapepala, kuti mayi Esnati sanafere ulemu wa firiji. Mawu amenewo anali olemera, koma sindinawabweze, ndipo mpaka lero ndikuti ndinkakhoza.

M'mawa mwake ndinawatsata, ndikunamizira kukagula sopo.

“Che Amidu, ndabwera ndi mpeni wachiwiri uja.”

“Alhamdulillah! Bweretsani, Mwalimu, malo ake ndakonza kale.”

“Dikirani kaye. Uwu si wa ng'ombe. Ndi wa nkhumba.”

Dzanja la Che Amidu linali litatambasuka kale. Linabwerera pang'onopang'ono n'kukalowa m'thumba la mkanjo. M'sitolomo munali ogula awiri atatu, ndipo onse anamva.

“Mwalimu,” anatero motsitsa mawu, “mwandiuziranji?”

“Ndikanapanda kukuuzani, tiyi wanu ndikanamwa bwanji?”

“Ine ndekha nkhani iyi sindingaidule. Nyama ili umu si yanga. Ndikaika lero, mawa palibe Msilamu adzagule ndi machesi omwe pano. Ndipatseni nthawi ndifunse kwa odziwa.”

A Mphinga anati palibe mlandu. Anabweza kabotolo m'thumba la malaya, anakhala pa benchi, anamwa tiyi wawo mpaka kutha. Pobwerera ine ndinali patsogolo, iwo pambuyo akukankha njinga.

Ndiye anayamba kuyenda nako kabotolo. Kukachipatala ka kwathuko anati firiji ndi ya katemera yekha, oyendera akapezamo china ntchito yatha, ndipo sankanama. Ku boma anali ndi anzawo okhala m'nyumba za magetsi, koma ndani akanasunga ufa woyera wochokera kunja, wa munthu amene anachotsedwa mumzinda popanda chifukwa chodziwika? Ankawalandira bwino, kuwaphikira tiyi, kuwaperekeza mpaka pamsewu, kabotolo kali m'thumba momwemo. Bambo wina amene a Mphinga anamuphunzitsa kale, wogwira ntchito kukhitchini ya hotela cha ku Makokola, anakabisa kuseri kwa batala. Posakhalitsa kunamveka kuti kukubwera akuluakulu ndipo makhitchini asechedwa, ndiye anakabweza yekha pa njinga, kuwoloka Shire, kudzafika kuno dzuwa lili paliwombo, akupepesa. Pamapeto pake kanakhala mu mtsuko wa mchenga wonyowa pansi pa bedi lawo. Okutobala anatha, Novembala anatiwotcha, phula la pachivindikiro linafewa, mvula inabwera ndi chinyontho chake, ndipo ufa wa m'kabotolo unayamba kugwirana.

Che Amidu nawo sanangokhala. Anafunsa akuluakulu a pamzikiti pawo, koma anagawikana. Ena ankati haramu ndi haramu, ena ankati za mtundu uwu sanazimvepo. Munthu mmodzi yekha amene mawu ake onse akanawamvera anali a Shehe okalamba amene anawaphunzitsa, ku Makanjira, ndipo msewu wa kumeneko mvula inali itaudula. Loweruka a Mphinga ankapitabe pa benchi. Za kabotolo sankatchula. Tiyi ankamwa, koma mikangano ija inatha. Ankangovomerezana pa chilichonse, ndipo zimenezo zinkandimvetsa chisoni kuposa akanakhala kuti akutukwanana.

Phukusi la mapepala linafika chakumapeto kwa dzinja, ndipo linali lomaliza, chifukwa mnzawo wa kunja uja anali atadwala kwambiri. Mpeni wina sukanabweranso. A Mphinga anayesa tiripusini wawo pa mkaka n'kupeza kuti akudulabe, koma mofooka. Anaganiza masiku angapo, akuzungulira bwalo la mpira manja ali kumbuyo. Kenako anati athira wochuluka kuti mphamvu ikwane.

Lamlungu masana anandiitana mu labotale. Pepala linali lopachika pazenera. Pofika nthawi imeneyo ndinkadziwa mmene pepala labwino limaonekera, timadontho towerengeka, kalikonse pamalo pake. Ili linali lothimbirira kuyambira pansi mpaka pamwamba, madontho pamwamba pa madontho.

“Wadzidya yekha,” anatero.

Anandifotokozera mwakachetechete ngati akuphunzitsa. Tiripusini naye ndi chingwe cha maamino asidi, ndipo akakhala potentha ndi ponyowa amayamba kudula anzake. Zidutswa zake zinasakanikirana ndi za chambo, ndipo popeza anathira wochuluka, zinali zambiri kuposa za chambo. Panalibe podziwira kuti ichi n'cha nsomba, ichi n'cha nkhumba. Theka lomaliza la ufa linali mmenemo.

“Koma tizidutswa toyamba tija muli nato,” ndinatero. “Sanjani moyerekeza ndi cha munthu. Mukhala pafupi...” Ndinadzigwira pakamwa.

Anamasula tayi, koyamba ine kuona, anaipinda bwinobwino, n'kukhala pansi. “Mayina onse ndili nawo, mayi,” anatero. “Sindidziwa amene atsata mnzake.” Amene analira ndine.

Sabata imeneyo isanathe, Che Amidu anatulukira pasukulu, mkanjo uli matope mpaka m'mawondo, maso ali psuu. Anali atatopa kudikira msewu. Anakwera boti la asodzi kupita ku Makanjira, iwo munthu woopa madzi kuyambira ubwana, n'kubwerera pa lole imene anaikankha kuposa kuikwera. M'manja anali ndi chitini cha mkaka wa ufa, chotsukidwa mbee.

“Mwalimu! A Shehe atero, n'zotheka! Akuti ndi za mankhwala opulumutsa anthu, si zakudya. Kabotolo kalowe m'chitini, chitini chitsekedwe, chikhale pansi pachokha, osakhudzana ndi kanthu. Akumzikiti ndawauza kale. Bweretsani msanga, katenthedwa mokwanira.”

Ine ndinali pakhonde langa ndikusenda chinangwa. Ndinaona a Mphinga akuyang'ana matope aja, n'kuyang'ana chitini. Ndinadikira kuti anene, pakuti bambo amenewa kubisa kanthu sankadziwa. Analowa m'nyumba. Anatuluka ndi kabotolo kaja, kotsala pang'ono pansi, kopanda ntchito, n'kukaika okha m'chitini ndi manja awiri.

“Mwandithandiza, achimwene,” anatero. “Mwafika nthawi yabwino.”

Che Amidu anaseka ndi thupi lonse, n'kunyamula chitini ngati khanda, ulendo wa kugolosale, osalola ndi kumwa madzi komwe. Atapita, a Mphinga anatembenukira kwa ine. Ine ndinapitiriza kusenda chinangwa.

Anayesa kuyambiranso. Kudoko anapitako ndithu, koma chambo chinayamba kuchepa, ndipo chochepacho amalonda a mumzinda ankachitenga chathunthu ndi matumbo omwe. Maso awo anachita ng'ala, manja anayamba kunjenjemera, kanjere kaja ankakaphonya n'kuphulitsa ndulu okha, amayi aja n'kuyang'ana kumbali ngati sanaone. Atapuma ntchito sanabwerere ku Ntchisi. Anachita lendi kanyumba kufupi ndi manda a mayi Esnati. Chimene chinabwerera ndi mikangano ya pa benchi, yaphokoso kuposa kale. Nthawi ndi nthawi Che Amidu ankafunsa kuti, “Mwalimu, mpeni wanu uja mudzaufuna liti?” Iwo ankayankha kuti akudikira ufa ukwane.

Chaka chimene palafini anasowa, Che Amidu ankagonetsa banja lawo mumdima kuti firiji isazime. A Mphinga atamva, anayamba kupita pa benchi ndi botolo la palafini Loweruka lililonse, kumene ankamupeza sindidziwa. Ine zinkandipsetsa mtima. Ndinawafunsa kamodzi kuti kodi bodza limeneli lidzatha liti. Anati munthu uja anayenda panyanja akuopa. Akamuuza kuti anachedwa, adzafa akunena kuti ndiye anapha ntchito ija, chonsecho sanalakwe kanthu. Ndinati nanga analakwa ndi inu? Anati iwonso ayi, ndipo kuti chimene chimawawa n'chimenecho.

Mwezi wathawu chifuwa chitawagoneka ndinkawapititsira phala. Magalasi awo a mu labotale anati ndikapereke kusukulu, ndipo anandikalipira kuti ndikuwagwira ngati mbale za m'khitchini. Lachisanu lomaliza anali atafooka kwambiri, mawu akutuluka movutika. Ndinaweramira kuti ndimve, ndikuyesa kuti atchula mayi Esnati kapena abale a kwawo. Ankafunsa kuti mawa palafini apititsa ndani.

Dzulo ndinapita pagolosale. Che Amidu akalamba, mimba ija inaphwa, ndipo mashelefu theka alibe kanthu. Anandilowetsa kuseri kwa kauntala, kumene zaka zonsezi sindinapondeko. Anagwada movutika n'kutsegula firiji.

“Mayi, inu ndinu a sukulu. Ichi ndipereke kwa ndani? Alipo amene angamalize? Mukawapeza muwauze kuti chilowereni muno sichinatenthepo, ndi tsiku limodzi lomwe.”

Ndinalandira chitini. Chinali chozizira moti zala zinawawa. Ndinati ndifufuza.

“Koma mufulumire nacho,” anatero, “dzuwa lakwera.”

Chitseko sanatseke msanga. Pashelefu ya pansi, kumanzere, panatsala bwalo la dzimbiri pamene chitini chinkakhala. Pamwamba mabotolo a zakumwa anali othinana, ena atagona pa anzawo, nyama ili m'mbale yake yovindikira, koma pozungulira bwalo lija panali mpata wa chikhatho mbali zonse, monga a Shehe analamulira. Che Amidu anatenga botolo limodzi kuti alitsitsire pamenepo. Analigwira kanthawi, n'kulibwezera pamene linali, kenako anatseka.